Nyama ya ku Karonga pa Nsalu Yakuda

Selly Oak, Birmingham
12 Febuluwale 1995

Okondedwa achimwene a Levison,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata nthawi ino pamene muli kalikiliki ndi fodya, ndiponso ndikudziwa kuti zolemba zanga za Sitandade 6 zimakutopetsani maso. Muli bwanji inu, alamu a Lena ndi ana onse? Mvula ikugwa bwanji chaka chino? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwandilowa m'maondo.

Mwana wanga Wallace, mphwanu uja, akadali monga ndinamupezera pofika mu Disembala. Chifuwa chija sichikutha, ndipo mathalauza ake ndawabweza kale kawiri m'chiuno. Mkazi wake Helen amakhalitsa kuchipatala kumene amagwira ntchito ya unamwino, choncho wodwala ndi kamtsikana kawo Deborah ndimasamala ndine. Kamwanako ndikakafunsa m'Chichewa kamayankha m'Chingerezi, koma timamvana.

Ndikufuna ndikufotokozereni chinthu china mwadongosolo, kuti musadzachimve kwa anthu ena mokhota. Mukukumbukira kuti ali ku koleji ku Zomba, Wallace ankapita ku Karonga pa tchuthi kukathandiza azungu okumba mafupa? Mafupa aja ndi a nyama yakalekale, yotalika ngati basi, ya khosi lalitali, yodya masamba okha. Akuti inatha padziko anthu asanakhalepo. Anaipatsa dzina la dziko lathu, Malawisaurus. Wachita kundilembera papepala kuti ndisalakwitse. Maphunziro amene anabwerera kuno ndi a miyala ndi mafupa omwewa.

Amalawi a kuno ali ndi bungwe lothandizana pa matenda ndi maliro, amakumana m'holo ya tchalitchi china ku Nechells. Mwezi watha ankasankha chizindikiro cha bungwelo. Ena ankafuna chambo, ena phiri la Mulanje, mpaka a kumpoto ndi a kumwera anayamba kutolana mawu. Wallace anaimirira atagwira mpando, nati, "Chambo ndi cha a kunyanja, Mulanje ndi wa a kumwera. Nyama iyi inafa kusanabwere chigawo, chipani ngakhale mtundu. Palibe anganene kuti ndi yake yekha."

A Suzgo, omwe ndi wapampando ndipo kwawo ndi ku Karonga komweko, anati, "Koma inapezeka kwathu, bwana. Muzipereka ya msonkho."

Anthu anaseka, navota, nyamayo inapambana. Alemberanso boma ku Lilongwe kupempha kuti ilengezedwe kukhala nyama ya fuko lathu, iikidwe pa masitampa ndi pa ndalama zachitsulo.

Atamva kuti ndine telala anandipatsa ntchito yosoka mbendera. Ndinakagula nsalu yakuda pamsika wa ku Bilston, chifukwa ulusi woyera umaoneka bwino pa yakuda. Wallace anajambula mafupawo papepala, ine ndinkatsata fupa ndi fupa. Nthiti ina ndinaisoka mopindika, anandimasulitsa. Anati, "Amayi, yadikira zaka zonsezi m'nthaka ili bwinobwino kuti idzathyoledwe ndi inu?" Chifikireni kuno, kanali koyamba kumumva akuseka mpaka kutsokomola.

Ndaikamo chithunzi cha tsiku limene tinaipereka. Alamu akaonetse amayi anzanga a Chigwirizano, adziwe kuti manja anga sanaiwale ntchito. Mundiuzeko za denga la nyumba yanga, pakona ya kum'mawa paja pankadontha.

Ndine mlongo wanu,
Anastasia

Mponela, Dowa
19 Malichi 1995

Mlongo wanga Nambewe,

Moni m'dzina la Ambuye. Ife tili moyo. Fodya wachita bwino koma mvula inadula msanga, chimanga sichidzakwana. Padenga panu ndaikapo pulasitiki. Magalasi anga athyoka mwendo, ndamanga ndi ulusi. Mukapeza otsika mtengo kumeneko mundikumbukire.

Tsopano za chithunzi. Alamu anu anapita nacho ku Chigwirizano Lachinayi monga munanenera. Sichinabwere tsiku lomwelo. Chayenda m'nyumba zambiri, chabwerera chili zala zokhazokha.

Chemwali, munkaganiza chiyani? Nsalu yakuda, mafupa oyera, mwana wathu ataima pambali atawonda chonchija, inu mutagwira ngodya mukumwetulira. Inu mukuona ulusi. Anthu kuno aona zina. Mukudziwa zimene zikukambidwa masiku ano, zoti ana opita kunja amalowa magulu amdima kuti alemere. Mayi wina ananena pamaso pa alamu anu kuti, "Taonani, icho chanenepa, mwana akutha." Lena anabwera akulira.

Ine zonsezo sindizikhulupirira. Koma dzana kunabwera a Augustine, mkulu wa adzukulu okumba manda kwathu kuno. Anakhala pakhonde, nati, "A Mbewe, funso langa ndi laling'ono. Mwana uja atafukula mafupa aja, anasamba?" Mukudziwa kuti wogwira za kumanda salowa m'nyumba asanasambe monga mwa mwambo. Ine ndine mkulu wa mpingo, za mankhwala sindiyankhapo.

Chinanso mukuchidziwa. Ine ndinatuluka kudambwe ndili kale ndi ana awiri, ndinaimirira pamaso pa mpingo kulonjeza kuti zilombo ndazitaya. Alipo mpaka lero amene amandiyang'ana cham'mbali kudikira tsiku limene ndidzabwerere. Ndiye lero chilombo chilowe m'banja langa pa nsalu yosokedwa ndi mlongo wanga yemwe?

Otchani nsaluyo. Mwanayo asiye za mafupa, aphunzire zina, sukulu kumeneko n'zambiri. Chifuwacho mumupatse mandimu ndi uchi, azivala zofunda. Akachira abwere adzaonekere kuno, anthu atseke pakamwa.

Mlongo wanu,
Levison Mbewe

Selly Oak, Birmingham
22 Malichi 1995

Achimwene,

Yankho la kalata yanga ya mu Febuluwale sindinalandirebe. Mwina ndi positi, mwina ndi fodya. Sindikudandaula, kungoti zinthu kuno zasintha ndipo inu ndinu mwini mbumba, muyenera kudziwa.

Wallace anagonekedwa m'chipatala, tsopano amutulutsa. Tsiku lotuluka adokotala anaitanira Helen pambali. Atabwera ndinamufunsa. Anati, "Amayi, akuti tizingomupanga comfortable." Ndinati, undiuze m'Chichewa. Anakhala pansi pa mpando wa m'khonde la chipatala, nati, "Akuti mankhwala ochiza palibenso." Ndalemba monga ananenera, sindinaonjezere.

Loweruka Wallace anapempha a Suzgo kuti atitenge pagalimoto kupita ku tauni yoyandikana nafe yotchedwa Dudley. Ine ndinakana chifukwa cha mphepo, iye anaumirira. Kumeneko anationetsa chizindikiro cha tauniyo, ndipo pakati pake pali kachilombo konga mphemvu yonenepa. Akuti anthu ophwanya miyala ya laimu ankakapeza m'miyala, katauma kalekale kuposa ngakhale nyama yathu ija. Anati, "Mwaona amayi? Tauni yonse ikunyadira kanthu kochepa ngati chala. Ife yathu ndi yonga basi, koma kalata yokha tikulephera kuyankha."

Ankanena za kalata ya ku Lilongwe ija. Sanayankhebe. M'mawa uliwonse wapositi akaponya makalata pakhomo, Deborah amathamanga kukatola, n'kukuwa ali pamasitepe kuti, "Nothing, Daddy."

Pobwerera anatsamira paphewa langa. Anati, "Amayi, boma likamadzayankha ine kulibe. Koma bungwe lagwirizana kuti mbendera ija iziphimba bokosi la membala popita kumudzi, ndipo woyamba ndine. Ifike nane mpaka kumanda. Anthu akwathu aione, adziwe chimene ndinkachita zaka zonsezi."

Ndinati asalankhule choncho.

Anati, "Zoti ndisalankhule ndamva. Inde ndiye sindinamumve."

A Suzgo anangoyang'ana msewu. Ine ndinati inde.

Ndiye achimwene, ndikukupemphani muyambe kukonza mtima, ndipo muwauzirenso akuluakulu mwakachetechete. Ndikufuna adzagone pafupi ndi amayi athu, mbali ya mtengo wa mkuyu. Pepani kuti nkhani yotere ndakuuzani papepala.

Anastasia

Selly Oak
16 Epulo 1995, tsiku la Pasaka

Atsibweni,

Dzanja mukuonali ndi la Helen, mawu ndi anga. Cholembera chayamba kundilemera.

Kalata yanu inafika. Amayi ankafuna kundiwerengera modumphadumpha, koma amayi satha kunama, amachita chibwibwi. Ndinaimva yonse, ya mandimu yomwe. Mandimu ndikumwa, zikomo.

A Augustine muwauze kuti ndinasamba, ndi sopo, mumtsinje, tsiku lililonse, chifukwa ku Karonga kumatentha zoopsa. Muwauzenso kuti aja sanali manda. Palibe anaiika nyama ija, palibe anailira. Inagwa m'mbali mwa madzi, matope anaikwirira, basi. Ife ndife oyamba kuichitira ulemu.

Matenda angawa adokotala akuwadziwa dzina, inunso mukulidziwa. Ndi omwewo atenga anyamata ambiri pa Mponela amene sanaonepo fupa la ku Karonga chibadwire. Musalole kuti anthu aponyere nyama yosalakwa chinthu chimene akuopa kuchitchula.

Ndinu munandilipirira fizi ndi fodya wanu. Ndinunso munkanditenga kumunda, n'kumandigwiritsa dothi m'manja kuti ndinene ngati ndi katondo, makande kapena mchenga, ndikalakwa n'kundikoka khutu. Geology yanga, maphunziro a miyalawa, inayambira pamenepo, ndiye ngati pali mlandu tigawana.

Atsibweni, nyumba sindinamange. PhD sindimaliza, supervisor wanga, mphunzitsi wondiyang'anira, amabwera kudzandiona ndi mphesa, za thesis ya kafukufuku wanga sakambanso. Mwana amene ndikumusiya sadziwa kupereka moni wa Chichewa. Chinthu chimodzi chimene ndinachigwira ndi manja angawa, ndikuchikonda, ndi nyama imeneyi. Tsiku lina ana a sukulu adzaiona pa sitampa. Ndikufuna wina pa Mponela adzanene kuti, iyi tinaiona kale pa maliro a mwana wa Nambewe.

Si chilombo cha kudambwe, sichivina. Ndiloleni ndibwere nayo.

Mwana wanu,
Wallace

Atsibweni, ndine Helen. Watopa, wagona. Magalasi tagula, tikudikira munthu wobwera kumeneko. Chonde muyankhe msanga.

Mponela, Dowa
7 Meyi 1995

Mlongo wanga,

Makalata awiri, yanu ya mu Malichi ndi ya mwana, afika tsiku limodzi. Ndinawerengera kuseri kwa chigafa. Ndinalira, chemwali. Sindinkadziwa kuti zafika pamenepo. Za mandimu zija mundikhululukire.

Sindinakhale pansi. Ndinaitana akulu a mpingo, ndinaitananso a Augustine padera. Kalata ya mwana ndinawawerengera yonse, ngakhale pamene akunena za matenda. Pamenepo onse anayang'ana pansi, chifukwa palibe amene sanaike wake.

Komabe akana. Akulu akuti bokosi lophimbidwa ndi chifaniziro cha chilombo silingalowe m'tchalitchi, nyimbo sizidzaimbidwa, ndipo amayi sadzavala yunifomu. Akuti akalola ichi, mawa wina adzabwera ndi cha kudambwe n'kunena kuti nachonso ndi cha sukulu. Mmodzi anandifunsa kuti, "A Mbewe, mwayambanso kuzisowa zilombo zija?"

A Augustine anati iwo mwanayo amamukonda, anamunyamulapo ali khanda. Koma anyamata awo anena kuti nsaluyo ikafika pamanda iwo adzasiya makasu n'kumapita, ndipo munthu sungamukakamize kulowa m'dzenje akuopa.

Ndiye mawu anga monga mwini mbumba ndi awa. Mwana abwere kwawo. Malo pafupi ndi amayi alipo, ndakayang'ana ndekha. Adzaimbiridwa monga Mkhristu. Nsalu isaoneke, kuyambira pabwalo la ndege mpaka kumanda.

Ndimva kuti mabokosi ochokera kunja amabwera otsekeratu, osatsegulidwa. Zimene zili m'kati mwa bokosi lotseka ine sindidzaziona, ndipo sindidzafunsa. Mwandimva, chemwali.

Mumuuze mwanayo kuti atsibweni ake anamenya nkhondo, sanagone. Mumuuzenso kuti khutu lija ndinkakoka pang'onopang'ono, asandinamizire kwa mkazi wake.

Levison

Selly Oak, Birmingham
28 Meyi 1995

Achimwene,

Kalata iyi a Suzgo aitumiza pa makina a fakisi kuchokera kuntchito kwawo kupita ku sitolo ya pa Mponela, kuti ikupezeni mawa. Amene akupatsireni adzakhala ataiwerenga kale. Palibe kanthu, awerenge.

Uthenga wa pa lamya uja munaulandira, ndikhulupirira. Wallace anatisiya Lachitatu m'mawa, kunyumba, Helen atamugwira dzanja lina, ine lina. Sanavutike kwambiri kumapeto. Kalata yanu inafika Lachisanu. Choncho sanaimve. Anapita akukhulupirira kuti muvomera, ankati, "Atsibweni amayamba ndi kukalipa, kenako amabwera ndi nkhuku." Ine sindinamutsutse. Za khutu ndamuwerengera Helen, anaseka kenako analira.

Zimene munanena za bokosi lotseka ndazimva bwino, ndipo ndikudziwa kuti kwa mkulu wa mpingo kulemba mawu amene aja sichinali chapafupi. N'zoona, bokosi lokwera ndege amaliwotcherera chitsulo m'kati, silitsegulidwa. Helen akuti, "Amayi, nsaluyo tingoipinda tiike m'kati, adzakhala nayo, ndani adziwe?" A Suzgo akuteronso. Onse ndi anthu ophunzira, ndipo akundifunira zabwino.

Ndinayesa, achimwene. Ndinaichapa, ndinaisita kumbuyo kuti ulusi usapse, ndinaipinda bwinobwino. Dzulo tinapita nayo kwa okonza maliro. Bambo wa kumeneko anatambasula manja kuti alandire. Ine manja anakana. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru mpaka Helen anandigwira paphewa, tinabwerera nayo pa basi.

Mwanayo sanati ndimufunditse mobisa. Anati anthu akwathu aione. Ndinamuyankha inde ali moyo, akundiyang'ana. Ndikaibisa ndiye kuti ndavomereza kuti ntchito yake inali yochititsa manyazi, ndipo ndavomereza zimenezo iye atalephera kudziyankhira.

Chibadwire sindinakutsutsenipo. Mutati ndisiye sukulu kuti ndisamale amayi, ndinasiya. Mutati Wallace apite ku sekondale osati ku esiteti, ndinamvera, ndipo munalondola. Lerolinso sindikukana ulamuliro wanu. Ndikungokuuzani pamene ndaima, kuti musankhe mukudziwa zonse.

Za tchalitchi ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Ngati salola bokosi kulowa, lisalowe, tidzachokera pakhomo panga. Ngati sadzaimba, nyimbo ndikuzidziwa, ndidzaimba ndekha ndi Helen, mawu anga ndi oipa koma amamveka. Ngati amayi a Chigwirizano afuna yunifomu yanga, ili m'sutikesi yobiriwira pansi pa bedi, kiyi ali ndi alamu. Aitenge, ndi yochapa kale. Inuyo simukakamizidwa kuima pafupi ndi nsaluyo. Muwauze akulu anzanu kuti mlongo wanu wapenga ndi chisoni, sindidzakutsutsani.

Chimene sindingathe ndekha ndi kukumba. Ndikudziwa kuti mwini maliro sagwira khasu pamanda a mwana wake, sindinaonepo zikuchitika, ndipo ndikudziwa zimene anthu adzanena za inu zaka zonse zotsala. Komabe ndikufunsa, chifukwa wina woti ndimufunse palibe. Adzukulu akasiya makasu, inu ndi ana anu aamuna mudzawatola?

Mukati inde, tikwera ndege ya Loweruka pa 10 Juni, ine, Helen, Deborah ndi iye, nsalu ili pamwamba. Mukati ayi, sindidzakusungirani mangawa. Kuno manda alipo, ndakawaona. Amakumba ndi makina, munthu mmodzi atavala chipewa, safunsa kuti wakufayo ankagwira chiyani. Abusa a ku Nechells avomera kuyendetsa mwambo. Akagona kumanda a kunoko pakati pa anthu osawadziwa, ndipo ine ndidzabwera ndekha mu Julaye chitupa changa chikatha. Sindidzakhalanso ndi njira yodzaonera pamene wagona. Ndaliganizira limenelonso, musayese kuti sindinaliganizire.

Okonza maliro akufuna kudziwa Lachisanu pa 9 Juni lisanafike, chifukwa cha mapepala a ndege. Nambala ya a Suzgo ili pamwamba pa pepalali, a kusitolo akudziwa katumizidwe kake. Musavutike ndi kalata yaitali, maso anu ndikuwadziwa. Mawu amodzi akwana: bwerani, kapena khalani.

Likafika Lachisanulo musanayankhe, ndidzamva kuti mwati khalani.

Ndine mlongo wanu,
Anastasia